Tikukonza chipinda cha makompyuta, tiyambire pati?

Mphunzitsi: Akuluakulu, atipatsa ndalama zokonzera chipinda cha makompyuta pasukulu pathu. Muli makompyuta 20 koma masoketi 4 okha, mawaya ali mbwee pansi, ana amangopunthwa. Tiyambe ndi kugula makompyuta atsopano?

Wamagetsi: Ayi aphunzitsi, yambani ndi magetsi. Tebulo lililonse likhale ndi soketi yake, mawaya adutse m'mbali mwa khoma. Musaiwale UPS, kachipangizo ka batire koteteza makompyuta magetsi akazima kapena akabwera mwamphamvu. Kwathu makompyuta 3 anapsa tsiku limodzi magetsi atabwera mwamphamvu, mpaka lero zimandiwawa.

Wokonza makompyuta: Fumbi! Ndinatsegulapo ina, fani itatsekeka ndi fumbi ngati thonje, ikungozima yokha. Matebulo ayang'ane kukhoma kuti muziona masikirini onse mutaima pakati.

Woyang'anira laibulale: Chonde, makompyuta awiri muwaike mu laibulale, ana azifufuza ngakhale chipindacho chitatsekedwa.