Masewera a pakhomo a ana aang'ono m'nyengo ya dzuwa loswa mtengo

Mayi wa ana awiri, Nchalo

Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga, makamaka inu a kuno kuchigwa cha Shire amene mukudziwa mmene kumatenthera mu Okutobala ndi Novembala. Ndili ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 4 ndi wamng'ono amene wangokwanitsa zaka 2. Bambo awo amagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo ine ndimagulitsa tomato ndi nsomba zouma pakhomo pomwepa, choncho anawa amakhala ndi ine tsiku lonse. Kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka dzuwa litapendeka, mchenga umawotcha mapazi moti sindingawalole kusewera pabwalo, ndipo ndinazolowera kumupatsa wamkuluyo foni kuti akhale chete pamene ndikugulitsa. Tsopano akangodzuka amayamba kuilirira, ndipo ndikamumana amadzigwetsa pansi. Zidole za m'sitolo sindingazikwanitse. Kodi ndi masewera ati amene angachite pakhonde, amenenso angamuthandize pokonzekera Sitandade 1, popeza kwangotsala zaka 2 kuti ayambe?

Mphunzitsi wopuma, Ngabu

Mayi, musadandaule ndi zidole za m'sitolo, chifukwa chidole chimene chinalera ife tonse kuno ndi dongo. Tumani mwana wamkulu wa pafupi akakutengereni dongo la pachulu, mulinyowetse madzulo ndi kulikulunga m'pepala la pulasitiki kuti lisaume, ndipo m'mawa mumuyalire mwanayo thumba pakhonde. Tsiku loyamba mumuumbire ng'ombe imodzi yokha iye akuona, yokhala ndi linunda lake ngati zimene amaziona zikupita kumadzi, kenako mumusiye ayese yekha.

Ng'ombe yake yoyamba idzaoneka ngati mbatata yomera miyendo. Apa ndi pamene makolo ambiri timalakwitsa, chifukwa timailanda n'kuikonza kuti ioneke bwino, ndipo mwana amaphunzirapo chinthu chimodzi chokha, chakuti manja ake ndi osatha kanthu. Inu mungomufunsa dzina la ng'ombeyo, kumene ikupita, ndiponso chifukwa chimene nyanga ina yafupikira, ndipo mudzadabwa ndi nkhani imene adzakusimbirani. Zikafika zinayi kapena zisanu, amange khola la mapesi a mapira, azizitulutsa m'mawa ndi kuzilowetsa madzulo akuziwerenga. Tsiku lina mubise imodzi pansi pa lichero, muone ngati adzazindikira kuti m'khola mwachepa. Akazindikira, ndiye kuti wayamba kale masamu ochotsera, ngakhale sanagwirepo choko.

Ndinaphunzitsa makalasi aang'ono kwa zaka zambiri, ndipo ana amene ankandivuta sanali amene anabwera osadziwa zilembo, popeza zilembozo ndiyo inali ntchito yanga. Ankandivuta ndi amene zala zawo zinali zolobodoka moti pensulo inkangopulumuka, komanso amene ukawafunsa zimene anadya dzulo ankangoyang'ana pansi. Kukanya dongo, kulitsina ndi kulikulunga kumalimbitsa zala zomwezo zimene zidzagwire pensulo. Makolo ena amanyadira mwana akamaloweza masiku a pamlungu m'Chingerezi, ndipo sindikuwaletsa, koma ine ndimakondwera kwambiri ndi mwana wotha kufotokoza m'chiyankhulo chakwawo chifukwa chimene ng'ombe yake yathyokera mwendo.

Mapesiwo muziyamba mwawasenda nokha, chifukwa khungu lake limacheka ngati lezala. Mtima wake wofewawo ndi umene ana amapangira magalasi a m'maso ndi tinjinga ta kabaza.

Mlezi wa sukulu ya mkombaphala, Nsanje

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, koma ndikufuna kukumbutsa za wamng'onoyo, chifukwa mwana wa zaka 2 chilichonse amachiyesa ndi pakamwa. Njere za masawu, za bwemba ndi nyemba n'zabwino powerengera kwa wa zaka 4, koma kwa mng'ono wakeyo n'zotsamwitsa, ndipo ena amaziika m'mphuno. Iyeyo mumupatse zinthu zazikulu monga zisononkho, makapu osiyana kukula oti azilowetsana, ndiponso chigoba cha mlambe chimene mwaikamo timiyala n'kutseka zolimba kuti azikhutchumula mukamamuimbira. Kukatentha kwambiri, beseni la madzi ochepa ndi tizitini topanda mano limawasangalatsa onse awiri, koma musachokepo ngakhale kukabweza chenji, chifukwa mwana wamng'ono amatha kumira m'madzi ochepa kwambiri. Kumtsinje ndi m'madambo asapite okha, popeza za ng'ona za mu Shire ndi za likodzo tonse tikuzidziwa.

Wamkuluyo mumupatse benchi yakeyake pafupi ndi yanu. Aziyika milu ya timiyala ngati tomato, masamba akhale ndalama, ndipo inu muzigula, nthawi zina muzinenerera mtengo kuti muone mmene angakuyankhireni. Amenewo ndi masanje omwe aja, ndipo sakuchotsani pa malonda anu.

Chinanso n'chakuti musamuletse akamasewera zinthu zoopsa zimene anaona kapena kumva. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ana amene ndinkawasamalira ankamanga tinyumba ta matope, n'kutithira madzi mpaka titagwa, kenako n'kunyamula tizidole tawo pa chigoba cha mlambe ngati bwato. Poyamba ndinkawakalipira poganiza kuti akulosera zoipa, koma ndinaona kuti akatero amayamba kuyankhula zimene zinali kuwasautsa, ndipo ine ndinkangofunsa kumene bwatolo likukatsitsa anthu.

Bambo wa ku East Bank

Malangizo onsewa ndi abwino, koma onse akugwera mayi mmodzi amene ali kale ndi benchi, mphika ndi mwana kumbuyo. Bambo a anawa akaweruka ali nayo mbali yawo, ndipo ndikunena izi monga bambo mnzawo. Madzulo kukayamba kuzizira, akhale nawo pamphasa n'kuyamba kuti "Padangokhala," anawo avomere kuti "Tili tonse," ndipo nthano ikafika pakati aziima n'kufunsa wamkuluyo zimene Kalulu achite. Ngati agogo awo amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, asimbe m'chiyankhulo chomwecho osachita manyazi, chifukwa mwana sasokonezeka ndi ziyankhulo ziwiri. Kwathu ndinayala timatabwa tosiyana kutalika pa mitengo iwiri motsanzira ulimba, ndipo ana amazindikira okha kuti lalifupi limalira mosiyana ndi lalitali.

Mayi wa ana awiri, Nchalo

Zikomo kwambiri nonse. Dongo tinalipeza, ndipo masiku awiri oyamba wamkuluyo foni anailirirabe, koma pofika Lachinayi m'khola munali ng'ombe 3 ndi chinthu china chimene mwiniwake akuti ndi thirakitala yonyamula nzimbe. Vuto latsopano n'lakuti mng'ono wake anakhalira ng'ombe imodzi, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kumsewu. Aphunzitsi, kodi ng'ombezi tingaziumitse bwanji kuti zisamang'ambike, popeza tikaziika padzuwa la kunoli zikumasweka pamsana tsiku lomwelo?