Mapenguin akutha ndi njala, nanga nsomba zodyetsa a ku akwariyamu zimachokera kuti?

Nachisale_CT:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimalera ana pabanja lina kuno ku Cape Town, ndiye Loweruka lina abwana anandituma kuti ndiperekeze anawo ku akwariyamu, malo osungirako zamoyo za m'madzi kuti anthu aziziona. Tinafika nthawi yodyetsa mapenguin, mbalame za kunyanja zosauluka. Mtsikana wina anabwera ndi ndowa ya nsomba za sardine, n'kumapatsira imodziimodzi, mutu patsogolo, penguin n'kungomeza yathunthu. Mnzake anali pambali ndi kope, kulemba kuti uyu wadya zingati, uyu wakana.

Kenako mtsikanayo anati penguin ya ku Africa yatsala pang'ono kutheratu, ndipo chifukwa chachikulu ndi njala, sardine ndi anchovy zasowa m'nyanja. Ine ndine mwana wa msodzi wa ku Mangochi, ndakula ndikuona chambo chikuchepa chaka ndi chaka, ndiye mawuwa sanandidutse. Nanga za m'ndowazo zachokera kuti? Si nyanja yomweyo? Tikulanda chakudya mapenguin a kunyanja kuti tinenepetse a m'galasi? Pagulu paja ndinachita manyazi kufunsa.

Angozo_Saldanha:
Chemwali, funso lanu ndi la mwana wa msodzi ndithu. Ine ndinagwirapo ntchito pafakitale ya nsomba kuno kumadzulo kwa South Africa, ndipo ndikuuzeni, ndowa munaiona ija si kanthu. Penguin imodzi nthawi zambiri sidya zoposa kilogalamu patsiku, pomwe boti limodzi limatsitsa matani ambirimbiri ulendo umodzi. Anchovy, kansomba konga usipa wathu, pafupifupi yonse sifika n'komwe pambale ya munthu. Timaiphika, kuifinya mafuta, kuiumitsa, n'kuipera kukhala ufa wodyetsa nkhuku, nkhumba ndi nsomba zoweta. Fungo lake limakakamira m'zovala ngakhale mutachapa bwanji.

Vuto lenileni ndi pamene mabotiwo amaponya maukonde. Penguin ikakhala ndi anapiye singapite kutali, imayenera kubwerera msanga kukawadyetsa. Boti likakokolola nsomba pafupi ndi chilumba, anapiye amafa ndi njala. Mu 2024 bungwe loona zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mbalamezi pa gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Mu Malichi 2025, mabungwe oteteza mbalame a BirdLife South Africa ndi SANCCOB atakamang'ala, khoti lalikulu ku Pretoria linavomereza mgwirizano woletsa usodzi wa sardine ndi anchovy mozungulira malo 6 oswanirako, kuphatikizapo Robben Island ndi Dassen Island. Anzanga a m'maboti sanasangalale, ndipo ndimawamvetsa, nawonso ali ndi ana. Koma mbalame ilibe kwina kogula.

NaPhiri_wa_ziweto:
Ndionjezereko pang'ono, ndinaphunzira za kadyedwe ka nyama. Nsomba zimene munaona zija zimakhala zochokera mufiriji, amagula zambiri nthawi imodzi n'kumasungunula za tsikulo. Sardine ikakhalitsa mufiriji vitamini B1 amawonongeka, n'chifukwa chake osamalira amabisa mapiritsi m'kati mwa nsomba asanapatse mbalame. Kope lija ndi lothandiza kudziwa amene wamwa piritsi lake, komanso amene wayamba kudwala, poti penguin yodwala imayamba n'kukana chakudya.

Za kumene amagula, kuno ku South Africa kuli mndandanda wa SASSI wa bungwe loteteza zachilengedwe la WWF: nsomba za chizindikiro chobiriwira mutha kugula, za olenji muganize kaye, zofiira musagule. Ku America, Monterey Bay Aquarium inayambitsa wake, Seafood Watch, mu 1999. Akwariyamu yomwe imaphunzitsa alendo mndandanda wotere iyenera kuutsata nayonso ikamagula chakudya cha nyama zake. Mukadzapitanso mukawafunse, a Nachisale, anthu amenewa amakonda mafunso.

Mjomba_Leeds:
Kwa ine zondipsetsa mtima si mapenguin, koma kusunga nyama imene chakudya chake chimakwera ndege. Calgary Zoo, malo osungirako nyama ku Canada, inabweza mapanda awiri (zimbalangondo zodya nsungwi) ku China mu 2020 chifukwa nthawi ya COVID-19 ndege zitachepa, nsungwi zaziwisi zinkavuta kufika. Nyama yodya nsungwi zokhazokha tsiku lonse, mukuisunga kudziko lachisanu, mumayembekezera chiyani?

A ku Denmark amachita zawo mosabisa. Aalborg Zoo mu 2025 inapempha anthu kuti nkhuku, akalulu, mbira ngakhale akavalo amene sakuwafunanso awapereke. Odziwa ntchito amazipha mosazizunza n'kupatsa zilombo zathunthu, ubweya ndi mafupa omwe. Azungu ambiri anakuwa pa Facebook. Ine sindinaone cholakwika, nyamayo sinayende ulendo wautali ndipo palibe chotayika.

Nachisale_CT:
A mjomba, mbira tinkaweta kwathu n'kumadya ndi nsima, ndiye ine sizikundidabwitsa. Koma kamwana ndimaleraka kali ndi kalulu wake amene amagona naye m'chipinda, nkhani imeneyi sindikauza. Angozo, ndiye nkhuku za m'sitolo zimene timagula kunozi mwina nazonso zinadyako anchovy wa mapenguin?

Angozo_Saldanha:
Zina mwina zinadyako, chemwali, koma alimi ambiri a nkhuku masiku ano amadalira soya ndi chimanga poti ufa wa nsomba unadula. Wambiri wa ufa umene tinkapanga unkapakidwa m'makontena n'kupita kunja.