Makandulo akupindika m'katoni chiwonjezereni oda

Mayi wa ku Nchalo: Anzanga a ntchito ya makandulo, ndithandizeni chifukwa sabata ino ndawononga phula lambiri ndipo mutu waima. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikupanga makandulo 150 pa tsiku ndi zikombole zanga zachitsulo popanda dandaulo lililonse. Mwezi watha mwini golosale wina anandipempha makandulo 2,000 pa sabata, ndipo a kutchalitchi akufunanso awo a tsiku lokumbukira omwalira pa 2 Novembala. Ndinagula dramu lodula pakati kuti ndizisungunula phula lambiri nthawi imodzi, ndinawonjezera zikombole, ndinalembanso atsikana awiri, koma zimene zikutuluka n'zochititsa manyazi. Makandulo akukanirira m'chikombole, ena akutuluka ndi dzenje lakuya pafupi ndi nthambo, ndipo amene atuluka bwino akupindika ngati nthochi akangokhala m'katoni masiku awiri. Phula ndikugula ku Limbe monga kale. Kwatsala masiku khumi okha, kodi ndikulakwitsa pati?

Bambo wa ku Ngabu: Amayi, vuto lanu ndi limodzi lokha, simukuthira stearin, mankhwala oyera olimbitsa phula. Kuno kuchigwa, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, phula la parafini palokha silingaime. Muziika kilogalamu imodzi ya stearin pa makilogalamu 10 alionse a phula. Kandulo imalimba, imayera, komanso imanyala pang'ono pozizira, moti imatuluka yokha m'chikombole chachitsulo.

Mayi wa ku Bangula: Achemwali, tisanafike ku zothirathira, ndifunse za dramu limenelo. Kodi mwalikhazika pamoto penipeni? Ngati ndi choncho, lekani lero lomwe. Mphika waung'ono munkauchotsa pambaula phula likangosungunuka, koma dramu ndi lolemera, limakhala pamakala nthawi yaitali, ndipo la pansi limapsa pamene la pamwamba likadali zibulumwa. Phula lotenthetsa limanyala kwambiri pozizira, n'chifukwa chake mukuona maenje amenewo. Ine ndimaika chidebe cha phula m'kati mwa dramu la madzi owira, chifukwa madzi sangapitirire madigiri 100, ndipo ndimathira m'zikombole phula likakhala pakati pa madigiri 70 ndi 80.

Ndikunena zimenezi ndili ndi chipsera padzanja. Chaka china, nditalandira oda yaikulu ngati yanuyi, ndinasiya mphika pamoto n'kupita kukamangirira nthambo. Phula linayamba kufuka utsi woyera, kenako linagwira moto, ndipo mwana wa mchimwene wanga anathamanga ndi ndowa ya madzi n'kuthira. Moto unalumpha mpaka kudenga la khitchini, lomwe linali la udzu, ndipo tinapulumutsa mabeseni awiri okha. Phula likayaka salithira madzi, amalivundikira ndi chivundikiro chachitsulo kapena kulikwirira ndi mchenga. Atsikana anu awiriwo muwauze zimenezi asanagwire chikombole ngakhale chimodzi.

Mayi wa ku Nchalo: Zikomo achemwali, dramu lilidi pamafuwa ndipo choyezera kutentha ndilibe, ndimangoona ndi maso. Komabe zimenezi zikufotokoza maenje okha, osati kupindika. Ndaonanso kuti phula la ulendo uno likuterera m'manja ngati lili ndi mafuta, ndipo thumba lake linalibe zolembalemba.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dyeratu: Pamenepo ndiye mwatchula chenicheni, mayi. Phula la parafini lili m'magulu, ndipo pathumba kapena pakatoni pamalembedwa manambala monga 56-58 kapena 58-60, amene amasonyeza madigiri amene phulalo limasungunukira. Phula loyengedwa bwino lomwe limakhala louma ndi lolimba, pamene loyengedwa mwatheka limatsala ndi mafuta ambiri, ndipo limafewa kutentha kusanafike n'komwe pa nambala yakeyo. Ku Thyolo kapena ku Blantyre munthu akhoza kugwiritsa ntchito phula lofewalo osaona vuto, koma ukangotsika phiri n'kufika pa Thabwa, nkhani imasintha. Kwa makandulo oimirira okha, ine sindigula lochepera 58-60, ndipo thumba lopanda nambala sindilinyamula ngakhale atanditsitsira mtengo. N'kutheka kuti kale munkagula pang'onopang'ono kuchokera m'thumba labwino, koma mutapempha matumba athunthu anakupatsani mtundu wina.

Pa za maenje, kuthira kamodzi sikukwanira. Phula likayamba kugwira pamwamba, boolani ndi kawaya kawiri kapena katatu mozungulira nthambo, kenako muthirenso lotentha kuti lidzaze mphako ya m'kati. Anthu akamathamangira chiwerengero, sitepe imeneyi ndi imene amayamba kuidumpha.

Bambo wa ku Ngabu: Aphunzitsi, manambala amenewo ndi abwino kwa amene ali ndi ndalama yokwerera basi kubwerera ku Limbe. Amayiwa matumba agula kale ndipo masiku atsala khumi. Stearin imasungunuka pa madigiri pafupifupi 70, choncho imalimbitsa ngakhale phula lofewalo. Athire basi, ngati likupindikabe awonjezere.

Mayi wa ku Bangula: Ayi abambo, kuwonjezera mosayeza kuli ndi zake. Ine ndinayesapo kuthira yochuluka, makandulo anasanduka ophwanyika ngati choko, ndipo theka la katoni linafika kwa wogula litathyokathyoka. Komanso mukasintha kasakanizidwe ka phula, nthambo yakale mwina sigwirizananso nalo, ikachepa moto umamira m'phula losungunuka, ikakula imachita mwaye n'kudetsa khoma. Musanapange 2,000, pangani makandulo khumi, muyatse atatu mpaka athe, ena muwasiye m'katoni masiku awiri m'chipinda chimene mumasungiramo katundu.

Gogo wa ku Nsanje: Mwana wanga, ine ndakalamba ndi ntchito imeneyi, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti m'nyengo ino kandulo sapanga masana. Ife timadzuka tambala woyamba, kuthira, n'kumaliza dzuwa lisanakwere. Zikombole zimafuna kupuma kuti zizizire, koma mukazithiranso zikadali zofunda pofuna kubwereza kanayi pa tsiku, kandulo imamatirira. Muziziimika m'beseni la madzi a mumtsuko, osati amene akhala padzuwa, komanso osati a m'firiji, chifukwa kuzizira kwadzidzidzi kumang'ambitsa kandulo.

Za katoni nazonso musazinyoze. Makandulo azigona mowongoka, othithikana bwino, pepala pakati pa mizere, ndipo makatoni asasanjikizane opitirira atatu. Asakhale pafupi ndi denga la malata, koma asakhalenso pansi penipeni, chifukwa ife amene tinaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 katundu timamuika pathandala. Ndinatumizapo makatoni asanu ndi limodzi ku Bangula pa lole, kondakitala anawaika pamwamba n'kufunditsa lona wakuda, ndipo pofika anali chibulumwa chimodzi chokhala ndi nthambo zambirimbiri. Wogula anakana kulipira, ndipo sindikanamuimba mlandu.

Chinanso, kodi wa golosaleyo wapereka ndalama ya chikole? Ngati kandulo yanu imalemera magalamu 50, thumba la makilogalamu 50 limakupatsani makandulo osapitirira 1,000, kutanthauza matumba awiri sabata iliyonse, osawerengera nthambo, makala, mapaketi ndi malipiro a atsikana. Akamatenga pa ngongole n'kumalipira mwezi ukatha, mpamba wanu udzathera m'mashelefu ake.

Bambo wa ku Ngabu: Agogo anena zoona pa za chikole, koma kudzuka usiku sikusintha phula. Kandulo yopangidwa m'bandakucha idzagonabe m'golosale ya malata masana onse. Popanda stearin idzapindika ndithu.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dyeratu: Palibe amene wakana stearin, achimwene, tikungoti siichotsa mafuta amene ali kale m'phula loyengedwa mwatheka, ndipo makandulo otere amatuluka thukuta n'kudetsa mapaketi. Mayi, mukanauza wa golosale kuti sabata ziwiri zoyamba alandire 1,000, inu n'kuyamba mwamaliza a kutchalitchi, chifukwa tsiku lawo silisuntha. Matumba ofewawo musawataye, amachita bwino m'makandulo othira m'matambula kapena m'tizitini, mmene kupindika kulibe ntchito.

Mnyamata wa ku Thabwa: Pepani akuluakulu kulowerera, ine ndangoyamba kumene ndi zikombole za mapaipi a pulasitiki. Kodi kutentha kwa madigiri 80 kumene amayi a ku Bangula atchula sikungapinditse mapaipiwo, kapena ndisunge ndalama ndidzagule zikombole zachitsulo?

Bambo wa ku Ngabu: Gula zachitsulo, mphwanga, ndipo usaiwale stearin.