Ampulifaya ya m'galimoto yakana kuyaka, ndithandizeni

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ampulifaya ya m'galimoto mwanga yasiya kuyaka kuyambira Loweruka, nditadutsa mumsewu wa mabampu popita kumudzi ku Dowa. Wailesi ikulira bwinobwino koma sabuwufa ili zii, ndipo kanyali ka pa ampulifaya sikakuwala, ngakhale kofiira ka protect kaja, komwe kamawala ampulifaya ikadziteteza ku vuto.

Fyuzi ya pafupi ndi batire ndaiona, siyinapse. Ndinabwereka multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) kwa mnzanga, pa waya wamkulu wa moto ikuwerenga 12.4 volts. Chandizunguza mutu ndi kawaya ka buluu kokhala ndi mzere woyera, ka remote kochokera ku wailesi, komwe kamayatsa ampulifaya wailesi ikayaka. Ndikayatsa wailesi pamenepo pakungowerenga 0, pomwe ndikudziwa kuti payenera kufika pafupifupi 12.

Funso langa ndi ili: ndingatenge kawaya kakafupi ndilumikize pa moto ndi pa REM (polowera kawaya ka remote kaja pa ampulifaya) kwa kanthawi, kungofuna kuona ngati ampulifaya ili moyo, kapena ndiwotcha zinthu? Komanso bawuti yomwe anamangirapo waya wa earth pansi pa mpando yachita dzimbiri, ikugwedera ndikaigwira. Ndiyambe kupala pamenepo kaye, kapena ndichotse wailesi ndione kumbuyo? Kwa makaniko wa zamagetsi ndikuopa, mwezi uno thumba laphwa.