Package ya ku Portugal mu August, ndilipire kapena ndidikire?

Mayi a Tadala:
Muli bwanji nonse abale anga. Ndithandizeni maganizo msanga chifukwa andipatsa mpaka Lachisanu basi. Ndapeza package yopita ku Albufeira ku Portugal, masiku 7, sabata yachiwiri ya August, ife anayi, ine bambo awo ndi ana awiriwa, ndege hotela ndi chakudya cham'mawa zonse £3,400 ndiye akufuna dipoziti ya £400. Koma nditangosintha deti kuika half term ya October, sabata ija ana amapuma pakati pa teremu, hotela yomweyo chipinda chomwecho, mtengo ukutsika kufika £2,300, apa ndiye mutu wanga waima. Ana sanasambepo m'nyanja yamchere, ya ku Skegness ija sitiwerengera kkkk. Amene munapitako tandiuzeni zoona, August ndi wofunikadi ndalama yonseyo?

Achimwene a ku Luton:
Mlongo musalipire. Ndanena ndatha.

Mayi a Tadala:
Aaa achimwene fotokozani kaye, osangoti musalipire ngati ndinu a polisi

Achimwene a ku Luton:
Chabwino. Ife tinapita August chaka chinachi, ku Albufeira komweko, ndipo sindidzabwerezanso. Kutentha si nkhani kwenikweni, kugombe kumakhala madigiri cha m'ma 30 ndiye kwa ife amene tinakulira ku Nsanje ndi chibwana chimenecho. Vuto ndi anthu. A ku England onse amakhala ali konko, a ku Spain, a ku France, komanso eni dziko nawo holide yawo ndi August yemweyo, Lisbon yonse imatsikira kum'mwera. Ukafika kugombe 10 koloko malo oyala nsalu palibe, ukuchita kuponda miyendo ya anthu, lesitilanti iliyonse mzere, galimoto ya hayala mtengo wake kuwirikiza, ndiye masana kuyambira 12 mpaka 4 ana sungawatulutse mchenga umawotcha mapazi, mumangobindikira mu chipinda kuonera makatuni omwe munawasiya kunyumba. £1,100 yowonjezerayo mukugula chimenecho.

Nachisale:
Ine nditsutsako pang'ono. Achimwene mukuyankhula ngati munthu wopanda ana a sukulu. Mayi a Tadala akufuna ana asambe, ndipo madzi a kumeneko si a Mediterranean ayi, ndi Atlantic, amazizira. Amafundako mu August ndi September basi, cha m'ma 22 kapena 23. Ine ndinakulira ku Nkhotakota ndimadziwa madzi ofunda, ndinalowa m'nyanja ku Lagos ya ku Portugal komweko mwezi wa May ndinatuluka ndikukuwa ngati andiluma, dzuwa likuwala bwinobwino koma madzi ngati a mu fuliji. Ndiye ngati nkhani ndi kusamba, August ali ndi phindu lake, tisamunyoze.

Achimwene a ku Luton:
Ana alipo atatu asisi, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena kkkk. Komanso May ndi October si zofanana. Nyanja imachedwa kufunda ndipo imachedwanso kuzizira, mu October imakhala ikadasunga kutentha kwa chilimwe chonse, mu May imakhala ikungochoka kumene m'nyengo yozizira.

Wa ku Angónia:
Ndilowererepo poti ndimakhala kuno chaka cha 6 tsopano, ku Amadora pafupi ndi Lisbon. Zimene anena achimwene za madzi ndi zoona. Ife tikafuna Algarve, chigawo chimene kuli Albufeira, timadikira September, makamaka sabata yachiwiri kupita mtsogolo ana akabwerera ku sukulu, madzi ofunda, anthu achepa, mitengo yatsika. October koyambirira nakonso ndi bwino, masana 23 kapena 24, madzulo kajuzi. Koma kumapeto kwa October ndi juga, mvula imatha kuyamba, chaka china mupeza dzuwa sabata yonse chaka china masiku atatu mvula. Ndiyenso Lamulungu lomaliza la October timabweza wotchi ngati kwanuko, 6 koloko isanakwane kwada.

Chinanso mayi, mukati Portugal musayese nyengo ndi imodzi. Algarve ndi kum'mwera, kouma. Porto kumpoto kumagwa mvula yambiri kuyambira October yemweyo. Gombe la kumadzulo monga Nazaré, Ericeira, ngakhale mu August kumawomba mphepo ina timaitchula nortada, madzi ake 18 basi, kumeneko nkwa anyamata a surf osati ana.

Mayi a Tadala:
Zikomo kwambiri achimwene a ku Angónia. September ndiye ndingakonde koma sukulu nanga?

Ankolo a ku Coventry:
Musayerekeze kuwatulutsa ana m'sukulu. Kuyambira August 2024 chindapusa ku England ndi £80 kholo lililonse pa mwana aliyense, mukapanda kulipira pa masiku 21 chimakwera kufika £160. Inu ana awiri makolo awiri ndi £320 kale. Mukabwereza zaka 3 zisanathe ndi £160 yomweyo popanda kuchotsera, kachitatu akhoza kukutengerani ku khoti. Kwa ife amene mapepala athu amayang'anidwa nthawi ndi nthawi, dzina lako kumveka ku khoti chifukwa cha kusamba m'nyanja ndi uchitsiru.

Jay B:
koma ankolo masamu ake £320 poyerekeza ndi £1,100 kkkkk azungu ambiri amangolipira fayiniyo nkumapita

Ankolo a ku Coventry:
Azunguwo pasipoti yawo ndi yanji mphwanga? Iwe yako ndi yanji?

Jay B:
ndagonja ankolo

Nachisale:
Apa mwandikumbutsa. Mayi a Tadala, funso lalikulu tonse talilumpha, viza muli nayo? Chifukwa ILR ya kuno, chilolezo chokhalira ku UK mpaka kalekale, sikulowetsani ku Portugal, pasipoti ya Malawi ikufunika viza ya Schengen.

Mayi a Tadala:
Ana ali ndi British onse awiri, bambo awo anatenga chaka chatha. Ndine ndekha ndatsala ndi ya kumudzi. Ndimaganiza kuti ndikalipira dipoziti kenako ndiyambe za viza

Nachisale:
Mayooo ayi ayi. Yambani mwaona kaye ngati appointment ilipo. Viza payokha ndi €90, kuphatikiza ya ofesi yolandira mapepala ija, inshuwalansi yofika €30,000, ma bank statement, kalata ya kuntchito, zonsezo ndi zotheka. Chovuta ndi kupeza deti. Nthawi yoyandikira chilimwe aliyense amakhala akusaka, umadzuka 5 koloko m'mawa kumangodina kompyuta palibe kanthu. Mnzanga wina wa ku tchalitchi analipira holide yonse, appointment anaipeza ya sabata imene amayenera kukhala akubwerako, banja linapita iye anatsala kumasamala mphaka wa aneba. Amalola kupempha miyezi 6 ulendo usanafike, ndiye amene akupita August anzanu anayamba February. Pano ndi mwezi wanji?

Mayi a Tadala:
Eish. Tili kumapeto kwa April

Achimwene a ku Luton:
Mwaona? August wadzikana yekha.

Nachisale:
Sindikuti nzosatheka, miyezi itatu ilipo, koma osaponya £400 musanaone deti ndi maso anu. Ndipo funsani ngati dipozitiyo imabwezedwa viza ikakanika, ambiri sabweza.

Mayi a Dalitso:
Pepani ndachedwa kulowa ndinali pa shifiti. Ine ndingoti ngati mwasankha October ndipo ndinu a Katolika ngati ine, ganizirani za Fátima. Masiku aakulu ndi 13 May ndi 13 October, kukumbukira zimene zinachitika mu 1917, usiku wa pa 12 kumakhala mdipiti wa makandulo anthu zikwizikwi, ine ndinalira. Ndi ola limodzi ndi theka pa basi kuchokera ku Lisbon.

Wa ku Angónia:
Zoona amayi koma kuchokera ku Albufeira nkutali, sitima yokha mpaka Lisbon ndi pafupifupi maola atatu kenako basi. Ndi ana tsiku limodzi simungathe, mungafunike kugona. Ndipo pa 13 sipagwa mu half term.

Mayi a Dalitso:
Ndi zoona, ndangotengeka kkk. Koma tsiku lina lililonse misa imakhalapo

Bambo a Yamikani:
Ife tili ku Area 25 kuno tikungowerenga, £3,400 ndikaisintha pa black market ndikugula poloti ku Chitedze nkutsala ya njerwa. Bwerani ku Cape Maclear madzi ofunda chaka chonse opanda viza

Mayi a Tadala:
Alamu tikiti ya munthu mmodzi kubwera kumudzi mu August mukuidziwa mtengo wake? Ife anayi ndiye ndi poloti ziwiri kkkkk. Ku Faro, kumene ndege ya ku Albufeira imatera, ndi maola atatu osakwana basi

Ankolo a ku Coventry:
Mayi a Tadala, kodi si inu muli ku Leicester?

Mayi a Tadala:
Eya ankolo

Ankolo a ku Coventry:
Ndiye mukuvutikiranji? Inu kalendala yanu ya sukulu ndi yosiyana ndi ife tonse. Mumatsekera July chapakati ife tikadaphunzira mpaka cha pa 20 kupita uko, ndipo half term yanu ya October nthawi zambiri imabwera sabata imodzi patsogolo pa yathu. Ndiye kuti muli ndi masabata awiri pa chaka amene ana anu ali pa holide koma England yonse ili m'kalasi. Makampani a ndege amakweza mitengo potsatira kalendala ya ambiri. Mwayi umenewu anthu a kwanuko amaudziwa, inu mukukasankha sabata yachiwiri ya August imene aliyense akulimbirana, bwanji?

Mayi a Tadala:
Ankolo ndinali ndisanaganizeko ndithu!! Bambo awo ndi amene anati August chifukwa ndi pamene anzawo kuntchito amapita

Wa ku Angónia:
Ngati half term yanu ili cha pa 20 October ndiye ndi yabwino kuposa ya kumapeto ija, wotchi isanabwezedwe, madzi akadali cha m'ma 20 kapena 21. Ana a ku England amalowa osadandaula, inu amayi mwina mungoviika mapazi. Koma funsani za pool ya pa hotelapo ngati amaifunditsa, chifukwa pool yosafunditsa mu October imazizira kuposa nyanja, anthu ambiri amagwa nazo pamenepa. July chapakati ndiye dzuwa ndi lotsimikizika, mvula kulibiretu, koma ndi high season kale, mtengo sungatsike ngati October.

Za moto wa m'nkhalango ndisaiwale, July ndi August ndi nthawi yake. Mu August 2018 phiri la Monchique linayaka kwa sabata yathunthu, utsi unkaoneka mpaka kugombe. Sizichitika chaka chilichonse koma kukatentha kwambiri kumtunda kumafika 40 ndi kupitirira, ku Amareleja ku Alentejo kunafika 47 mu 2003.

Jay B:
ine funso langa ndi la Albufeira yeniyeniyo, asisi mwaona hotela ili mbali iti? ngati ili pafupi ndi Strip, msewu wa mabala uja ku Oura uko, mu August simugona, ma stag do a ku UK, anyamata otsanzikana ndi mnzawo wokwatira, kukuwa mpaka 4 koloko m'mawa, ine ndinasangalala koma ndinalibe ana kkkk

Mayi a Tadala:
Ndayang'ana pa map, akuti mphindi 5 kuyenda pansi kukafika pa Strip, ndiye amazilemba ngati ndi chinthu chabwino

Jay B:
thawani

Nachisale:
Kkkkk basi ndasintha, ngakhale ine wa August uja ndikuti package imeneyi isiyeni. Onani mbali ya Olhos de Água kapena Alvor, kuli bata. Kapena Tavira kum'mawa, kumeneko madzi ndi ofundirako kuposa ku Lagos ndipo mumakwera kaboti kupita kugombe, ana amakonda.

Achimwene a ku Luton:
Kulikonse mungagone mupite ku Guia mukadye nkhuku ya piri-piri, ndi pafupi ndi Albufeira pomwepo. Ndipo ngati mutenge galimoto, msewu waukulu wa A22 anachotsa toll kuyambira January 2025.

Wa ku Angónia:
Nkhuku imeneyo ndi yathu ya ku Mozambique achimwene, anangoibwereka osabweza

Mayi a Dalitso:
Werenganinso bwino za katundu pa package yotchipayo. Ife tinasangalala ndi mtengo kufika pa bwalo la ndege kutiuza kuti sutikesi sinalipiridwe, ndalama imene tinapulumutsa theka inathera pomwepo. Ndi transfer yochokera ku Faro, mphindi 40 zimenezo, onani ngati ilimo.

Mayi a Tadala:
Ndangoyang'ana, sutikesi ilimo imodzi yokha pa anthu anayi, transfer mulibe. Ndiye £3,400 ija si £3,400. Dipoziti ya Lachisanu sindilipira. Usiku uno ndiyamba kusaka appointment, ikapezeka ya May kapena June ndiyesa sabata ya July imene anena ankolo, ikakanika ndiye October ku Alvor kapena Tavira. Chatsala ndi kuwauza bambo a Tadala kuti sapita limodzi ndi anzawo a kuntchito

Ankolo a ku Coventry:
Apatseni foni awerenge okha.

Mayi a Tadala:
Awerenga. Akuti amene watchula za nkhuku ya ku Guia atumize dzina la lesitilanti

Achimwene a ku Luton:
Alamu ndaiwala dzina, koma mukangolowa m'tauniyo tsatirani utsi