Za timadontho ta m'mapapo tija, ndabwerako kwa adokotala

Abale, paja ndinafunsa za timadontho tomwe CT scan (makina ojambula m'kati mwa thupi) inapeza m'mapapo mwanga pomwe amangondiunika nditamaliza chithandizo cha khansa ya m'matumbo. Ndiye adokotala akuti tilipo tiwiri, 4mm ndi 5mm, tating'ono kwambiri moti biopsy (kudula kachidutswa kuti akakapime) siingatheke, ngakhale PET scan (kujambula kwa mtundu wina kofufuzira khansa) akuti siionetsa bwino tinthu tosakwana 8mm. Nthawi zambiri akuti zimangokhala zipsera za matenda akale monga chibayo kapena TB, koma poti ndinadwalapo khansa sangangotayirira, ndikajambulitsenso pakatha miyezi 3 aone ngati takula. Kudikirako ndiye kukuwawa, tulo tikuvuta, Google ndayamba ndaisiya kaye chifukwa imangondionjezera mantha. Amene munati ndisapite ndekha zikomo kwambiri, achemwali anga ndi amene amamvetsera zonsezi, ine mutu unali utaima.