Petulo wapezeka m'bowo lakumtunda, zikutheka bwanji?

wa_atachimenti:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili pa atachimenti ndiye tikuyeza malo amene kale panali filing'i siteshoni, thanki yapansi inabooka petulo nkumadontha kwa nthawi yaitali. Taboola mabowo awiri oyezera. Mamita 3 oyamba ndi mchenga, kenako dongo lomata ngati mita ndi theka, pansi pakepo nsangalabwi zodzaza madzi. Chondizunguza mutu nchakuti malowa ndi otsetserekera kummawa koma sampulo yonunkha petulo yatuluka m'bowo lakumtunda, lakumunsi madzi ake ali bwinobwino. Madzi amakwera chitunda eti??

mkumba_mijigo:
Sakwera achimwene, kungoti mukuweruza ndi maso pamwamba pomwe nkhani ili pansi. Madzi apansi amachoka pamene levulo yawo ili pamwamba kupita pamene yatsika, ndipo levulo imeneyo siimvera kutsetsereka kwa malo nthawi zonse. Komanso mabowo awiri ndi ochepa, pamafunika atatu osakhala pamzere umodzi, muyeze milomo ya mapaipi onse kuchokera pa chizindikiro chimodzi kenako muyeze pamene madzi alekezera tsiku lomwelo, apo ndiye muona kolowera. Funso langa: kumtundako kulibe mjigo wa pampu yamagetsi? Pampu ikamakoka kwambiri levulo imatsika mozungulira ngati fanelo ndiye madzi oyandikira amakhotera komweko, petulo naye pambuyo.

mayi_labu:
Ine changondiopsa ndi dongolo, mwati mwaliboola mpaka kufika pa nsangalabwi? Dongo limenelo ndiye chivindikiro chanu. Mumchenga madzi atha kuyenda mita pa tsiku koma m'dongo chaka chitha kutha atangosuntha pang'onong'ono, ndiye ngati simunatseke mbali mwa paipi ndi bentonite, dongo lapadera lomwe limafufuma likanyowa nkutsekereza madzi, mwawatsegulira nokha njira madzi oipa apamwamba atsikire kwa abwino. Ndinaonapo penapake zitachitika, sampulo yoyamba yoyera, patatha miyezi ingapo bowo lomwelo fungo lokhalokha, anthu nkumalozana zala.

Chinanso petulo ndi wopepuka kuposa madzi, amayandama pamwamba, ndiye sikirini ya paipi yanu, gawo la timabowo polowera madzi, ikakhala yonse pansi pa madzi mutha kumuphonya. Bowo lakumunsilo musafulumire kulikhulupirira. Mphunonso si labu, benzene, mankhwala oopsa a mu petulo, malire a bungwe la zaumoyo la WHO m'madzi akumwa ndi mamaikilogalamu 10 okha pa lita, pamenepo mphuno siimva kanthu.

wa_atachimenti:
Eee mjigo ulipodi kuseri kwa mpanda chakumtunda, umapopa pafupifupi tsiku lonse, sindinauganizire nkomwe. Bentonite tinaika koma ndikaonanso mu logi, momwe munalembedwa za kuboolako, kuti anayambira mita iti. Pamalopa panalinso galaja, zili ndi kanthu?

mayi_labu:
Zili ndi kanthu kwambiri. Ngati ankatsukira zitsulo mankhwala ngati TCE, ameneyo ndi wolemera kuposa madzi, sayandama, amamira mpaka akakhale pa dongo nkumatsata kupendekeka kwa dongolo ngakhale madzi akulowera kwina. Muwauze a labu ayezenso zimenezo osati petulo yekha.

mkumba_mijigo:
Ndipo eni mjigowo auzidwe msanga, madzi awo ayezedwe asanapitirize kumwa. Levulo mukayeze pampu ikuyenda, mukayezenso itazimitsidwa usiku wonse, manambala onsewo mudzatiponyere pano tione.